Muwawani ndi Mchere wa aNangondo

Ndikukumbukira Lachinayi lina la mwezi wa Juni, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinali pakhonde kwathu ku Msakambewa, ndikuwothera dzuwa uku ndikulemba m'kope lakale limene aphunzitsi a sukulu ya mishoni anandipatsa. Ndinali mwana wamanyazi; zimene pakamwa pankalephera kunena ndinkauza kopelo.

Masamba akumapeto ndinasungira mitengo ya azakhali anga aNaphiri. Iwo ankadziwa mankhwala, koma maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo ndinkaopa kuti nzeruzo zidzapita nawo. Tikakwera phiri ankanunkhiza tsamba kapena kulawa khungwa, ine n'kumalemba: chanzi, wa chimfine, utomoni wa mlombwa, wa zipere, muwawani, wa m'mimba. Zilembo zangazo ankazitcha nyerere.

Chinthu chimodzi chokha sindinkalemba. Wodwala akabwera, azakhali ankayamba ndi macheza ataliatali: wadya chiyani, wagona bwanji, kunyumba kuli bwanji. Ine ndinkangoti amakonda nkhani.

Tsikulo azakhali anali atapita kumaliro kutsidya kwa dambo. Kunafika aNangondo, a nyumba yoyandikana ndi yathu, atagwira pamimba. Anali atakhala pabanja zaka zinayi opanda mwana, atapita padera kawiri.

"Iwe wa sukulu, m'mimba mukundipota. Suja unalemba zonse? Tandionera m'menemo."

Palibe wamkulu amene anali atandipemphapo nzeru. Ndinatsata mzere ndi chala, ndinatapa makungwa a muwawani m'nsengwa ya azakhali, n'kuwauza kuti akaviike, akamwe madzi akafiira.

Posakhalitsa azakhali anatulukira. Ndikuwalandira ndi manja awiri, ananunkhiza zala zanga.

"Muwawani uwu wapatsa yani?"

Nditatchula dzina, anataya ndodo. Ndinali ndisanawaonepo akuthamanga. Tinapeza aNangondo atakhala pamphasa, chikho chili m'manja, akuuzira tizitsotso toyandama. Azakhali anachimenya chikhocho, madzi ofiira aja n'kumwazikira nkhuku.

Ndinkayembekeza mkwapulo, koma ananditengera kuseri kwa nkhokwe n'kundikhazika pamwendo ngati khanda.

"Tandiuza, mwana wa achimwene. ANangondo anakuitana liti komaliza kukawathirira mchere m'ndiwo?"

Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, amaitana mwana. Mwezi ndi mwezi aNangondo ankaitana ine, ngakhale sindinkadziwa chifukwa chake. Ndinawerenga zala. Panali patadutsa miyezi itatu, kuyambira chimanga chisanaume.

"Ndiye kuti muli munthu m'menemo," ananong'ona. "Muwawani ukanamutulutsa. Mimba yaing'ono sailengeza, ndiye pakamwa potseka, wamva?"

"Komatu m'kope ndinalemba monga munanenera," ndinatero misozi ili mbwembwembwe.

"Unalemba mtengo, munthu unamusiya. Nyerere zakozi zili ndi maso? Zimafunsa?" Anandipukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu yawo yonunkha utsi ndi mizu. "Usalitaye kopelo, maso angawa akupita. Koma uphunzire kutsegula kakamwa kako aka."

Mwanayo anabadwa mvula itayamba, wamkazi, wolira mokweza. Ndinamubereka kumsana mpaka atayamba kuyenda, ndipo sanadziwe chifukwa chimene ndinkamukondera chotero.

Tsopano ndikudziwa kuti macheza aja ndiwo anali theka la mankhwala. Manyazi anga ndinkawayesa ulemu, koma akanapha munthu amene anali asanaone dzuwa. Kopelo ndikali nalo, njenjete zinadya m'mbali mwake. Pansi pa Lachinayi lija pali mawu amene ndinalemba dzuwa lisanalowe:

"Mawa ndidzayambira tsamba loyamba. Pa mtengo uliwonse ndidzafunsa azakhali kuti ndani sayenera kumwa. Ndidzafunsa mokweza, ngakhale andiseke."