Mtengo Umene Ndinabzala ndi Pakamwa

Ine ndimagulitsa mipando yakale pamsika wa Huruyadzo, kuno kudziko la Ashona, ndipo kasitomala akafunsa kuti ili ndi thabwa lanji, yankho silindisowa. Chizolowezi chimenecho ndicho chandipachika.

Mwana wanga Tariro amamva Chichewa koma amayankha m'Chishona. Tsiku lina anabwera ndi buku la ndakatulo zachingerezi, n'kundifunsa m'Chichewa chenicheni: "Ababa, mtengo uwu wa alder, umene alakatuli amauimika m'mbali mwa mtsinje akafuna kudandaula, kwathu timautcha chiyani?"

Kwathu! Ine wobadwira pa famu, ku Malawi sindinapondeko. Koma ndinaopa kuti ndikati sindidziwa, mwanayo abwerera ku Chishona chake.

"Mtsamiramadzi," ndinatero, nkhope ili gwa, ngati ndikugulitsa sofa yothyoka mwendo.

Dzinalo Tariro analiika m'ndakatulo yake, n'kukaiwerenga kutchalitchi pamaso pa akuluakulu. Ine maso ali kukhomo. Kenaka a Phiri, mkulu wampingo wa kudera la Unit D, anagwedeza mutu: "Eya, ku Dedza unali mbwee!" Abodza tinakwana awiri.

Tsopano Tariro akuti tikwere basi ya ku Dedza ndikamuonetse mtengowo. Dzulo ndinathamangira kwa a Phiri kuti andipulumutse. Akuti nawonso apita nawo, akauone.