Diso Lachiwili la Amake Tadala

Kuseli kwa msika wa Petauke, kumene malata amagogodedwa kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuli shedi ya a Mateus. Ndi bambo wamfupi, wamakutu otambalala, wankhope yoti ngakhale amayi awo omwe sankaitamanda pagulu. Amakhoma mbaula, ndowa ndi zitini zothilila m'dimba, ndipo ndowa yawo ikadontha ndiye kuti mwaiboola nokha. Koma anthu sawadziwila ndowa ayi. Amawadziwila maso a akazi awo.

A Bernadette, amene onse amawaitana kuti amake Tadala, chikwatiwile sanaloledwepo kupeta chimanga kukakhala mphepo. Tsabola amasinja ndi a Mateus. Chikuni chikayamba kufuka, amachichotsa pamoto ndi a Mateus. Kushedi kuja mayiwa analetsedwa ngakhale kusuzumila, ati kachitsulo kangawadumphile m'diso. Azimayi a ku Nyampande, kwawo kwa a Bernadette kumene banjali limakhala, akhala akuseka zaka makumi atatu. "Anawadyetsa basi," amatelo, "mwamuna sangapuse chonchi pachabe." Amangobwebweta, osadziwa kanthu. M'nyumba imeneyo mankhwala analowadi, koma amene anawalandila si mwamuna.

Mateus anaoloka malile kuchokela ku Mozambique ali ndi zaka khumi ndi zitatu, atasenza mphika ndi mphasa, akutsata amayi ake a Luisa. Atate ake nkhondo inawameza, manda awo sadziwika. Anakulila kumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi, ndipo poti mutu unkagwila, anapeza malo pa sekondale ina ku Nyimba, ali wamkulu kuposa anzake onse m'kalasi. Kumeneko kunali mphunzitsi wa Chingelezi, a Stanislaus Nyendwa, munthu wopenga ndi masewelo. Mu 1993 anafukula sewelo lina lakalekale la azungu, nati chaka chino tichita ili.

Sewelolo linali loseketsa. Anyamata awili ndi atsikana awili asochela m'nkhalango, aliyense akuthamangila amene sakumufuna. M'nkhalango momwemo mfumu ya mizimu yayambana ndi mkazi wake, ndiye pofuna kumukhaulitsa imudontheza madzi a duwa m'maso ali m'tulo, kuti akadzuka akonde chilichonse chimene ayambe kuona. Chimene ayamba kuona ndi mmisili wina wopusa amene matsenga amuveka mutu wa bulu. Mfumukazi ija imusisita makutu, imuveka maluwa, mpaka mwamuna wake amva chisoni n'kuithila mankhwala ena otsegula maso. Ikapenya bwino, inyansidwa n'kuthawa.

Mbali ya mfumukazi anapatsa Bernadette, mtsikana wamtali amene anyamata ankaopa ngakhale kumubweleka pensulo. Za bulu sipanakhale kukambilana, kalasi yonse inangocheukila Mateus n'kufa ndi phwete. Iye anaseka nawo, nanga akanatani. Poti manja ake anali aluso, a Nyendwa anamupatsanso ntchito yopanga mutu wa buluwo ndi waya, mapepala a simenti ndi khonje, komanso yosunga kabotolo ka madzi a duwa, omwe anali madzi a pampopi chabe.

Pa holide ya Ogasiti anafotokozela amayi ake nkhani yonse, kuti nawonso asekeko. Masiku amenewo kumsasa kunali mphekesela zoti nkhondo yatha, malole akubwela kudzatenga anthu. A Luisa sanaseke. Anasiya kutongola chimanga n'kufunsa ngati kwawo kwa mtsikanayo kuli minda. Mateus anati ilipo, ndi dimba lomwe. Anafunsa ngati mtsikanayo amatsekadi maso, kapena amangonamizila. Mateus anati amatseka. Anafunsa kuti kabotolo amasunga ndani.

"Kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi," anatelo a Luisa. "Mkamwini wa eni nthaka samukweza lole. Kwathu kulibe chimene ukachipeze, mwanangu, kuli mafupa okhaokha."

M'mawa mwake anamanga chitenje, ulendo wapansi ku Sasare, kwa nkhalamba ina yokhala pafupi ndi maenje a migodi yakale, kumene ngakhale mbuzi sizidyela. Anabwela tsiku lachitatu mapazi atatupa, ali ndi kabotolo kotseka ndi chitsononkho, kamene anapatsa Mateus. Madzi ake anali oyela mbee, opanda fungo. Mawu a nkhalambayo anali akuti mankhwalawa alibe anzake owasungunula. Adzakhala m'maso mpaka tsiku limene chitsulo chidzakhudze diso, ndipo tsiku limenelo mwini maso adzaona chimene chili patsogolo pake.

Mateus akanatha kukataya m'chimbudzi. Anakasunga m'sokosi miyezi iwili, akudziuza kuti ndi zachabechabe za anthu akale. Koma tsiku la sewelo litafika, kabotolo kamene anapeleka kwa mnzake wosewela mfumu ya mizimu kanali ka ku Sasare.

Anasewela masana a Okutobala, pansi pa mitengo ya masuku kuseli kwa sukulu, poti m'holo munkatentha ngati ng'anjo. Nyenje zinkalila mogonthetsa m'khutu. Mateus anali m'kati mwa mutu wa bulu, thukuta likumulowa m'kamwa, akuona dziko kudzela m'tizibowo tiwili ta mphuno. Anaona Bernadette atagona pamasamba. Anaona madontho awili akugwela pa zikope zake. Kenako anayamba kuimba nyimbo yake yopusa ija, yoti imudzutse, ndipo nyenje zonse zinangoti zii nthawi imodzi.

Bernadette anatsegula maso. Poyeselela masiku onse ankayang'ana maso opaka utoto a bulu, m'mwambamu. Tsiku limenelo anayang'ana m'munsi, m'mphuno, momwe munali maso enieni a Mateus. Anayankhula mawu ake motsitsa, ndipo anthu amene anabwela kudzaseka anasiya kuseka. Itafika nthawi yoti anyansidwe, mawu onyansidwawo anawanena onse osaphonya, koma maso sanawachotse. A Nyendwa anagwetsa misozi, ati sanaonepo mwana wosewela bwino chonchi. Mateus atavula mutu uja anapita kuseli kwa chulu n'kusanza.

Chaka chotsatila malole anabweladi. A Luisa anakwela okha, ati akafune pamene panagwela amuna awo, ndipo sanamvekenso. Bernadette anakana mwana wa kalaliki wa pa boma, anakana mphunzitsi, anauza amalume ake kuti akapanda kumulola Mateus akadziponya m'chitsime. Anamulola. Mateus anapatsidwa munda ku Nyampande, anamanga nyumba, anaphunzila malata. Kunabadwa Tadala, mtsikana, kenako anyamata atatu.

Wina anganene kuti munthuyu anapata. Koma kukondedwa kosatopa n'koopsa, anthuni. Mkazi wa munthu amatopa naye mwamuna wake, amamunena, amamufulatila tsiku lonse chifukwa cha mchele. A Bernadette ayi. Chaka china a Mateus analedzela n'kuthyola chitseko, mwadala, kuti aone ngati angakwiye. Mayiwa anawavula nsapato n'kuwapatsa madzi. Nthawi zambili akudya masana, a Mateus ankati akadzutsa mutu n'kupeza akazi awo akuwayang'ana, osaphethila, ndi maso omwe aja a pansi pa masuku. Ankawakonda akazi awo koopsa, ndipo sankadziwa ngati mkaziyo anawaonapo n'kamodzi komwe.

Tsono ukalamba utayandikila, ng'ala inayamba kuyela m'maso onse awili a Bernadette. Mulungu awakhululukile a Mateus, mtima wawo unakhala pansi. Zaka zitatu anawatsogolela pamkono kutchalitchi, anawaphikila, anawachapila. Kawili konse anamva pamsika kuti madokotala a maso abwela pa chipatala kudzachotsa ng'ala, ndipo kawili konse anafika kunyumba n'kukamba za mtengo wa malata. Ankadziwa kuti ng'ala amaichotsa ndi kampeni kachitsulo.

Zinaululika tsiku limene a Bernadette anapunthwa n'kugwela pa mbaula yamoto, mkono n'kupsa kuyambila pachigongono. Tadala, amene tsopano amaphunzitsa ku Chipata, anakwela basi tsiku lomwelo. Atamva kwa anansi kuti madokotala anabwelapo kale kawili, anawapeza atate ake kuseli kwa nkhokwe.

"Atate, inu mumakhala pamsika tsiku lililonse. Simunamve?"

"Ndinamva."

"Nanga bwanji?"

Tadala anakalembetsa yekha dzina la amayi ake kuchipatala.

Madokotala aja amachita diso limodzi kaye, linalo pakapita miyezi. Atabwelanso, anayamba lamanja. M'mawa mwake, pochotsa bandeji, a Mateus anaima pakhonde atagwila chipewa, mpaka namwino anachita kuwakoka. A Bernadette anali khale pabedi. Anayang'ana zenela, anayang'ana Tadala n'kuseka, n'kumugwila masaya. Kenako diso lija linafika pa amuna awo. Linayambila kumutu, linaima pa makutu, linatsika mpaka kunsapato, linakwelanso.

"Ndinu atate a Tadala?"

"Ndine."

"Oho," anatelo a Bernadette, n'kupempha madzi akumwa.

Kunyumba zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mayiwa anayamba kupeta okha chimanga, mphepo ilipo, ndipo a Mateus atathamangila lichelo anawauza kuti akakhale pansi. Analowa m'shedi osagogoda, anagwilagwila zitsulo, nati muno ndi mwauve. Tsiku lina pachakudya anati, "Kodi mumatafuna mokuwa chonchi kuyambila kale?" A Mateus anachita mantha, komanso chinachake chinawakomela m'mtima, poti chikwatilane anali asananenedwepo.

Chowasowetsa mtendele chinali nkhope ya akazi awo. Diso lamanja linkawayeza mozizila, monga amayezela ndowa munthu amene sanaganize zogula. Lamanzele, loyela ndi ng'ala lija, likangomva mawu awo linkatembenukila komweko mofewa, monga kale. Anthu awili ankawayang'ana pankhope imodzi. A Bernadette nawonso ayenela kuti anazindikila kanthu, chifukwa pamphasa anayamba kuwakhazika amuna awo kumanzele, ndipo akafuna kukamba nawo zabwino ankaphimba diso latsopanolo ndi chikhatho, ati kuwala kukuwalasa.

Masana ena akukonza mpanda wa dimba, a Mateus analimba mtima.

"Amake Tadala, sewelo lija la ku Nyimba. Pali chimene sindinakuuzeni."

A Bernadette anamaliza kumanga luzi kaye. "Sungani," anatelo. "Mudzandiuze akachita diso linzakeli, ndikukuonani bwinobwino."

Atatelo anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa khadi la kuchipatala, lopindidwa kanayi, lolembedwa tsiku la diso lachiwili. Anati sanaliwelenge, ndipo Tadala sanalione. Analiika m'dzanja la amuna awo n'kuwafumbatitsa. "Mukanena kuti tsiku lafika, tipita. Mukapanda kunena, ndikhala ndi limodzi lomweli, anthu ambili amakhala choncho."

Masabata asanu ndi limodzi khadilo linakhala m'thumba la malaya a Mateus, likufewa ndi thukuta. Pashedi moto wa makala unali pafupi tsiku lililonse. Anaonda, ndowa ziwili anazikhoma zopotoka, anzawo n'kumafunsa ngati akudwala. Ankadziwa chimene angataye: theka la nkhope limene linkawakondabe, mwinanso nyumba, munda ndi mudzi womwe, poti zonsezo n'za kuchikazi, ndipo kwina kopita analibe. Ankadziwanso kuti iwo anawabela kale akazi awo zaka makumi atatu, ndipo tsopano mwiniwake wawapatsa mpata woti abe zotsalazo.

Lachinayi lina m'mawa anapopa njinga, anapinda chitenje pa kaliyala, naima pakhomo.

"Amake Tadala, tsiku lija ndi lelo."

A Bernadette anawayang'ana ndi maso onse awili n'kukavala nsapato. Njila yonse anagwila malaya a amuna awo kumsana. Pachipatala anakhala pabenchi limodzi ndi nkhalamba zina zodikila, a Mateus kumanzele. Namwino ataitana dzina, mayiwa anaimilila, koma dzanja lawo linali litakakamila mkono wa malaya a amuna awo, ndipo diso loyela lija linali pa iwo, likutuluka msozi, pamene linzake linali louma likuyang'ana kuchitseko.

Namwino anaitananso kachiwili. A Mateus anagwila dzanja lija, anamasula zala chimodzichimodzi, n'kulipeleka kwa namwino.