Khomo la Kuseri

Amuna anga atakwezedwa kukhala wachiwiri kwa manijala pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa, tinapatsidwa nyumba imene kale munkakhala azungu. Inali ndi makomo awiri, lakumaso ndi lakuseri, ndipo ine ndinayamba kudzimva tsiku lomwelo. Ndinabadwira kwa Mphuka, amayi anga anathyola tiyi mpaka zala zinada ndi kuuma, koma zimenezi sindinkauza munthu. Kwa akazi a mabwana ndinali mphunzitsi wochokera ku Blantyre, kumene ndinangokhalako zaka ziwiri za maphunziro.

Ndinalemba ntchito mayi wina wa kumakomboni, wamkulu kuposa ine, amene msana unamukaniza kubereka dengu la tiyi. Anali wofatsa, wosabwezera mawu. Ndinamuphunzitsa kupaka polishi pakhonde, kusita makolala a malaya, ndi kuyala mafoloko amene inenso ndinali nditangowadziwa dzana. Ndinkamuitana kuti iwe, iye n'kumati madamu, ine n'kumamva kukoma.

Chinkandipsetsa mtima ndi macheza. Aliyense wofika, kaya ndi wogulitsa nkhuni, ankamuyalira mkeka, kugwada, kufunsa za kunyumba, za ana, za mvula. Pomatha malonje nyemba zapserera. Tsiku lina ndinapeza wogulitsa mapeyala ali khale pampando wa pabalaza, matope ali mbwee pamalo pokolopakolopa. Munthuyo atapita ndinakalipa mpaka mawu kusasa.

"Pano si kumudzi. Munthu akabwera uziyang'ana kumapazi. Wa nsapato, khomo lakumaso, tiyi pathireyi. Wopanda nsapato, kuseri. Usamufunse mbiri yake, adikire ine."

"Ngakhale malonje, madamu?"

"Ndati adikire ine."

Anamva, ndipo sanalakwitsepo. Ndinkamutamanda kwa anzanga kuti wantchito amafuna kumuwongola akadali watsopano.

Amayi anali asanaione nyumbayo. Ndikapita kumudzi ankafunsa, ine n'kumati tidzatumiza galimoto tikakhazikika. Miyezi isanu ndi iwiri inatha tisanakhazikike.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, mvula ya chiperoni ili waa kuyambira m'mawa, mkazi wa manijala ananditenga pagalimoto ndikuweruka kusukulu, ndipo ndinamukakamiza kuti alowe amwe tiyi. Wantchito uja potilandira anandinong'oneza kuti kuseri kuli agogo ena abwera ndi nthochi, afika cha m'ma teni.

"Uwauze adikire," ndinatero mokweza, kuti mlendo amve mmene ndimayendetsera pakhomo. "Anthu amenewa ukawazoloweza savuta kukwera pamutu."

Tinamwa tiyi, tinakamba za makatani, tinaseka. Ola linatha. Galimoto itachoka ndinazungulira kuseri ndili ndi mtengo wa nthochi kale m'mutu.

Anali amayi. Anakhala pasimenti pafupi ndi mulu wa nkhuni, miyendo atatambasula, mapazi ofiira ndi matope mpaka m'misongolo. Pambali panali dengu la nthochi ndi kathumba ka nyemba za kalongonda, pamwamba pake nsapato zimene ndinawagulira pa Khirisimasi, zoyera bwinobwino. Anazivula panjira poopa kuziwononga. Zenera la pabalaza linali lotsegula, ndipo pamene anakhalapo mawu onse ankamveka.

Manyazi anandigwira, ndipo m'malo mogwada ndinatembenukira wantchito. Zimene ndinamunena sindingazilembe zonse. Ndinamutcha chitsiru, wopanda maso, ndinati atenge zake azipita lero lomwe. Iye anagwada pamvula, akungoti, "Pepani madamu, sindinadziwe, sananene."

"Musiye mwana wa eni," anatero amayi, osakweza mawu. "Wandipatsa madzi. Chitenje ndafundachi n'chake. Ndinafuna kumuuza kuti ndine ndani, koma anati kuno saloledwa kucheza ndi alendo. Ndiye ndinati ndisamuchotsetse ntchito munthu."

Ndinayesa kuwadzutsa kuti tilowe, koma anandiyang'ana kaye.

"Lamulo limeneli anasiya ndi azungu aja?"

Bodza linali pafupi. Wantchito anali atazolika, ndipo ndikudziwa kuti akanandibisa. Koma amayi anali atamva kale mawu anga pazenera.

"Ndi langa, amayi."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa mchere. Kenaka anapempha beseni, nasamba mapazi pomwepo, navala nsapato zawo, nalowa kudzera m'khitchini. Ndinawaonetsa zipinda zonse, anayamikira chilichonse, pabedi anati m'pofewa. Chakudya anadya pang'ono. Apongozi awo, amuna anga, atabwera anawalonjera mwansangala, osatchula kanthu.

M'mawa ndinawapeza m'khitchini akulangiza wantchito kaphikidwe ka kalongonda, kuti aziwiritsa n'kutaya madzi kangapo, akuseka m'Chilomwe. Kenaka ine ndinalowa. Wantchito anandiyang'ana, pozindikira kuti Chilomwecho ndachimva chonse, ndipo kuyambira tsikulo anadziwa kumene madamu ake anachokera. Sananenepo kwa munthu. Ndinamupepesa patapita masiku atatu, mopotokola pakamwa, ndikuyang'ana m'kabati. Lamulo lija ndinalichotsa, ndipo anatigwirira ntchito mpaka tinasamuka.

Tinakhala m'nyumba imeneyo zaka zisanu ndi chimodzi. Galimoto ndinatumiza kangapo, inkabwerako ndi nthochi zokha. Amayi ankati miyendo yawo yatha, sangathenso ulendo, ndipo ndikapita kumudzi ankandilandira bwino ngati kale. Ndinadzamva kwa mlonda kuti pafupifupi mwezi uliwonse ankadutsa pageti pathu wapansi, popita kukazonda odwala kuchipatala ku Makwasa. Ankaima, kumulonjera, kufunsa ngati ana ali bwino, n'kupitirira.