Thope la kukasupe ndi phazi la amalume

Ndilemba mosamala sabata ino, chifukwa nkhaniyi ikukhudza amalume anga, ndipo sindikufuna wina aganize kuti ndikuwanyoza.

Masabata awiri apitawo amalume anadzitema ndi khasu paphazi akukumba mbatata ya kachewere. Bala lake silinali lalikulu. Iwo anati palibe chifukwa chovutikira ulendo wa kuchipatala ku Lisungwi pamene kumunsi kwa mudzi wathu kuli kasupe wa madzi otentha.

Kasupeyu anthu amamukhulupirira. Kumapita a nyamakazi, a msana, a zipere. Mwambo wake ndi wotere: umaviika podwalapo m'dziwe, kenako umamata thope lakuda la m'mphepete, n'kukulunga ndi jumbo kuti thope lisaume. Amati likauma mphamvu yatha. Masiku atatu osamasula.

Ndinawaperekeza ndine. Titafika tinapeza bambo wina ataviika mwendo wa chilonda chakale m'dziwe lomwelo. Cha kumtunda amayi ankachapa matewera. M'thope munali mapazi a mbuzi.

"Amalume," ndinatero chapansipansi, "kodi sizingakhale bwino titayamba tapita kuchipatala?"

"Iwe mphwanga, si inu nomwe a kusukulu mumatiuza kuti madzi otentha amapha tizilombo? Taika dzanja umve."

Ndinaika dzanja. Madziwo anali ofunda chabe, ngati osambitsira khanda. Ndinadziwa kuti kufunda si kuwira, koma ndinangochotsa dzanja m'madzimo. Anthu anali kutiyang'ana, ndipo sindinafune kuoneka mwana wophunzitsa akulu.

"Basi, ndigwirire jumbo," anatero. Ndinagwira. Ndinamanga ndine, ndi luzi, mfundo ziwiri.

Lolemba lapitali ndinawakweza panjinga mpaka kuchipatala ku Lisungwi. Phazi linali litatupa mpaka m'kakolo, thupi likutentha, fungo losaneneka. Namwino amene anatilandira, atamva zimene tinachita kukasupe, anafunsa kuti, "Anamanga jumbo pabala ndani?"

"Ndine."

"Sukulu munalekeza pati, achimwene?"

"Fomu folo."

Anangoyamba kutsuka bala. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

Pambuyo pake anandifotokozera modekha kuti madzi ofunda, amene anthu odwala zosiyanasiyana amasambamo, ndiwo malo amene mabakiteriya amaswana bwino. Thope likalowa m'bala lotseguka, n'kulitsekera m'jumbo, ndiye kuti tawamangira nyumba. Anatenga cholembera n'kulemba mzere pamwendo kuzungulira potupapo. Anati kutupa kukadumpha mzerewo, amalume atumizidwa kuchipatala chachikulu, ndipo zala zina mwina sizipulumuka.

Sabata yonseyi ntchito yanga yakhala kupalasa njinga, kunyamula chakudya, ndi kuyang'ana mzere. Ndatopa, owerenga anzanga. Miyendo yatopa, koma chanditopetsa kwambiri ndi kuganiza.

Sindikunena kuti kasupe ndi woipa. Wa msana akaviika m'madzi ofunda amamvadi bwino, ndipo munthu wa kumapiri kuno sathamangira kuchipatala ngati kuli kuseri kwa nyumba. Koma msana ulibe bala. Chilonda ndi khomo lotsegula. Nanga bwanji timalowetsamo madzi amene sitingayerekeze n'komwe kuwamwa?

Ndipo vuto si akuluakulu okha. Ndife angati achinyamata amene timadziwa kanthu, koma timakhala chete kuti atitche ana aulemu? Ulemu wanga uja unawathandiza chiyani amalume?

Dzulo kutupa kunali kusanadumphe mzere, koma sikunabwererenso m'mbuyo. Namwino anati tidikirebe. Ndikulongedza mbale kuti ndizipita, amalume anandikodola n'kundinong'oneza:

"Mphwanga, mawa unditengereko thope pang'ono m'kabotolo. Mwina tinafulumira kumasula. Usawauze anamwinowa."

Ndinayang'ana pansi. Ndinati, "Ndamva, amalume."

Mawa ndipita wopanda botolo, zimenezo ndatsimikiza. Chimene sindinatsimikize ndi pakamwa panga. Bodza loti ndaiwala lili pafupi, ndipo lingawasangalatse kwa tsiku limodzi. Koma akatuluka m'chipatala, kasupe adzakhala ali pomwepo.

Inu amene munakula kuposa ine, tandiuzeni: mawu oti "ayi" amanenedwa bwanji kwa munthu amene anakulipirira sukulu?