Chitenje Chimene Chinagona pa Chingwe

"Mulamu, mukamapemphera pagulu musamatsinzine maso onse awiri. Amene akukumverani si Mulungu yekha ayi."

Amene anandiuza mawu amenewa ndi alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, tsiku limene tinkakwera basi ku Nkhata Bay kusamukira ku Mzuzu. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi. Iwo anali mesenjala pa boma, ndipo ankadziwa makalata amene ankalowa mu ofesi, ankadziwanso anthu amene ankasowa makalatawo akalowa. Sanaseke ponena zimenezi, inenso sindinafunse zambiri. Ndinangowasunga mawuwo. Lero ndine gogo wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, koma sindinapempherepo pagulu nditatsinzina.

Tinapeza nyumba ku Ching'ambo, kumunsi kumene madzi amadikha mvula ikagwa. Amuna anga anali kalipentala. Mpingo wathu unali waung'ono, akuluakulu sitinkakwana makumi awiri, ndipo tchalitchi tinalibe. Tinkabwereka kalasi ya ana a sitandade wani, n'kumakhala pa timabenchi tawo mawondo akugunda chibwano. Abusa ankabwera pa njinga kamodzi pa miyezi iwiri. Masabata ena onse ankatitsogolera ndi mkulu wa mpingo, aphunzitsi ena aatali, a mawu ofatsa. Malo anga anali amodzi: benchi yomaliza, pambali pa chitseko. Pamenepo ndinkaona misana ya anthu onse popanda wondiona ine.

Ntchito yeniyeni ya mpingo inali ya ife amayi, tsiku Lachinayi. Aliyense ankanyamula chikuni chimodzi ndi kambale ka ufa, n'kukumana pa mphambano, kenako n'kupita ku nyumba imodzi: ya wodwala, ya wamasiye, kapena ya amene nthawi yake yangokwana basi. Tikafika tinkasesa, kutunga madzi, kuchapa ngati pali zochapa, kenako nyimbo ndi pemphero. Sitinkasankha kuti uyu ndi wathu kapena ayi. Ambiri amene analowa mpingo umenewu anakopeka ndi tsache lathu, osati ulaliki. Panalinso lamulo losalembedwa: wa mpingo akapanda kuoneka Lamulungu, Lachinayi lotsatira tili pakhomo pake.

Chaka china kunabwera mayi wina wa ku Mulanje. Anabwera yekha, ndi makina osokera ndi sutikesi imodzi, n'kupeza kachipinda kuseri kwa nyumba ina m'njira yanga ya kumsika. Za mwamuna sankatchula, za ana sankatchula. Chichewa chake chinali chija cha pa wailesi, chosalala, chimene ife tinkachiyankhula mopunthwapunthwa. Amayi anzanga anamukonda msanga. Ankamuseka chifukwa cha majuzi awiri amene ankavala ngakhale masana.

"Monire mama! Lero mwavala sitolo yonse?"

"Musandiseke inu. Kwathu mphepo imabwera n'kupita. Kuno inapeza malo n'kumanga nyumba."

"Mukwatiwe konkuno, mudzafunda chomene!"

Onse ankaseka, iye n'kuseka nawo. Ine ayi. Ndinkadzifunsa kuti munthu angachoke kutali konseko kudzasoka madiresi ku Ching'ambo chifukwa chiyani.

Lamulungu lina, pakati pa pemphero, mitu yonse itawerama, mutu umodzi unatembenuka. Anali iye, maso ali tong'o, kuyang'ana kumbuyo kumene ndinakhala. Maso athu anakumana. Anagwedeza mutu pang'ono, n'kutembenukanso. Sabata yotsatira chimodzimodzi, yotsatiranso chimodzimodzi. Mtima wanga unati, ameneyu ndiye alamu ankanena uja.

Kenako aphunzitsi aja anapemphera pemphero limene sitinaliiwale. Anapempherera odwala ndi apaulendo monga mwa masiku onse, n'kuwonjezera kuti, "Kumbukiraninso, Ambuye, amene ali m'ndende osadziwa mlandu wawo." Amen wa tsiku limenelo anali wa pansipansi. Pasanathe masabata awiri galimoto inaima pa sukulu nthawi ya buleki, ndipo anawatenga aphunzitsiwo, ana akuona. Anabwerako patapita miyezi inayi ataonda. Sanatsogolerenso pemphero, ankangokhala n'kumayang'ana zikhatho zawo.

Lachinayi loyamba atawatenga tinapita kwa akazi awo, amene analinso mtsogoleri wa ife amayi. Mayi wa ku Mulanje ndi amene anatunga madzi ambiri tsiku limenelo. Ali kuchitsime, ndinasendera pafupi ndi mwini khomo.

"Mama, pali kanthu ndakhala ndikuona," ndinatero. "Mlendo wathuyu satsinzina popemphera. Amatembenuka kuona anthu."

Anandiyang'ana ndi maso otupa. "Nanga inu mwamuona bwanji?"

"Ine ndi nkhani ina. Ine mukundidziwa."

Pofika Lamulungu amayi onse anali atamva.

Palibe anamuthamangitsa. Sitinali anthu othamangitsa munthu ife. Tinangomusiya. Akafika pa mphambano ndi chikuni chake, nkhani zinkaduka, kapena tinkalowa m'Chitumbuka chothamanga choti asagwirepo kanthu. Nthawi ya nyumba yake itakwana, mtsogoleri anati, "Sabata ino tipite ku Msongwe, kuli gogo wina wathyoka mwendo." Sabata yotsatira kunapezeka wodwala ku Nkhorongo. Tinayenda mitunda yonseyo wapansi, m'matope, kuthawa khomo limene linali pafupi kuposa onse. Iye ankayenda nafe, kumbuyo kwenikweni, chikuni pamutu, akuyimba nawo nyimbo zimene anali atangoziphunzira.

Itafika nyengo yozizira, ya nkhungu ija yosachoka mpaka masana, Lamulungu lina sanabwere. Lolemba popita kumsika ndinaona chitenje chake chachikasu chili pa chingwe, chitseko chili chitsekere. Lachiwiri chinali pomwepo, chitanyowa ndi mvula ya mawawa. Mayi ameneyo anali wosamala zinthu zake, sakanalola nsalu kugona panja. Ndinaima m'njira. Makina osokera sankamveka. Utsi panalibe. Ndinaona zonsezo, poti kuona ndiye ntchito imene ndinkaidziwa, ndipo ndinapitirira kukagula usipa. Lachitatu ndinadzera njira ina. Lachinayi pa mphambano mayi wina wachitsikana anafunsa kuti, "Kodi lero si kwa a ku Mulanje, poti Lamulungu sanaoneke?" Onse anayang'ana ine. Ndinati, "Mwina apita kukapereka malipoti awo." Tinapita kwina.

Amene anamupeza ndi mwini nyumba, Loweruka, ali gone pamkeka, chibayo chitamugwira, ndowa ya madzi itauma. Anakhala m'chipatala masabata atatu, mng'ono wake n'kubwera kudzamutenga. Tsiku lonyamuka ndinkadutsa, ndipo ndinamupeza atakhala pa sutikesi pakhonde, atafunda bulangeti. Anandiitana, ndipo pothawira panalibe.

"Amayi, takhalani pang'ono."

Ndinakhala m'mphepete mwa khonde.

"Chitenje chija munachiona?"

Ndinati ndinachiona.

"Ndinachiyanika tsiku lomwe ndinagwa. Nditalephera kudzuka ndinkadzilimbitsa mtima kuti, ena sangazindikire, koma mayi a pachitseko aja amaona zonse, abwera." Anakhosomola nthawi yaitali. "Kodi inu anakutengerani ndani?"

"Palibe."

"Aa, ine ndinkayesa ndinu mnzanga. Amuna anga anawatengera m'tchalitchi, tonse titatsinzina. Pomwe tinkati Amen n'kuti anthu atatu ataima kale pakhomo. Chichokereni tsiku limenelo sinditha kupemphera osayang'ana kuchitseko. Ndiye nditakuonani inu muli maso, ndinati, nayenso uyu akudziwa."

Nthawi yonse ija popemphera ankayang'ana chitseko, ndipo ndine ndinadzikhazika pambali pa chitsekocho.

Sindinamuuze zimene ndinanena kwa akazi a aphunzitsi. Ndinangoti, "Yewo mama, muyende bwino." Mng'ono wake anasenza makina, awiriwo n'kumapita kudepoti pang'onopang'ono, akupumira m'njira. Sindinamvenso za iye. Lachinayi lotsatira ndinafuna kuwauza amayi anzanga, koma ndinaganiza kuti ndikanena kuti ndinakhala pakhonde ndi mkazi wa munthu wa m'ndende, mawa galimoto idzaima pa khomo la yani? Sindinawauze. Amene anakanenera aphunzitsi sitinamudziwe mpaka lero. Akhoza kukhala aliyense mwa aja ankatsinzina mwamphamvu.

Amuna anga anamwalira, ana ali kutali, zidzukulu zimaimba foni pa Khirisimasi. Mpingo uja unakula, uli ndi tchalitchi cha malata ndi zokuzira mawu, koma ine ndinasiya kupita miyendo itayamba kukana. Amayi a Lachinayi a masiku ano anabwerapo kawiri. Ulendo woyamba ndinawayankhira pawindo. Wachiwiri ndinakhala chete m'nyumba, ndikuwasuzumira pa katani, mpaka anasiya chikuni pakhomo n'kupita. Sanabwerenso, ndipo sindiwaimba mlandu.

Ndiye ndikupempha inu amene mukuwerenga, ngati njira yanu imadzera kumunsi kwa Ching'ambo. M'mawa uliwonse ndimayanika chitenje chimodzi pa chingwe, dzuwa likapendeka ndimachichotsa. Mukadzachiona chagona panja, musadzapitirire. Mudzagogode. Ndidzakufunsani kuti ndinu ndani, wakutumani ndani, mwinanso ndidzakukalipirani, koma musadzachoke. Ndikadzapanda kufunsa kalikonse, mudzakankhe chitseko. Loko wake ndi wofooka, ndipo ndinasiya dala kumukonzetsa.