Chipewa cha Malata cha Amake Kelvin

Mukadzafika kwa a Adelina Daka, kuseri kwa Vubwi mukulowera kumalire a Mozambiki, musadzayerekeze kuyamikira paipi ya utsi imene yatulukira padenga la khitchini yawo. Alendo amatero. Amaima pabwalo manja m'chiuno, amvekere, "Koma ndiye chitukuko, mayi!" Kenako amadabwa kuti mpando sukubwera ndipo madzi akumwa achedwa. Paipi imeneyo ili ndi mlandu, ndipo mlandu wake ngwoti ukaumva mtima umachita kuwira.

A Adelina, amene m'mudzimo amawatchula kuti amake Kelvin, anabadwira kutsidya. Anawoloka malire ali kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri, nthawi ya nkhondo ija, atasenza mphika ndi bulangete limodzi. Amayi awo anasiya mbuzi, anasiya mtondo, koma m'chiuno anamangirira zikonyo zitatu za chimanga cha makolo. Chimanga chimenecho ndicho chinalera banja lonselo kuno ku Zambia. Chinali cha maso olimba, osasweka mumtondo, mwina ndi mwina muli diso lakuda, ndipo ufa wake pang'ono pokha unkakhutitsa nyumba yonse. Amayi awo atamwalira mbewuyo inatsala m'manja mwa a Adelina. Anakwatiwa nayo kwa a Rabson Daka, anabereka ana anayi akuibzala, anaika amuna awo m'manda akuibzalabe.

Chaka chilichonse pokolola ankayenda okha m'munda kusankha zikonyo zimene makoko ake atseka mpaka kunsonga. Ankazimanga ziwiriziwiri n'kuzikoloweka pamitengo ya denga la khitchini, pamwamba penipeni pa mafuwa. Ntchito yotsalayo inali ya utsi. M'mawa utsi, masana utsi, madzulo utsi, mpaka makoko ade bii ndi mwaye. Nankafumbwe sayandikira chimanga chotere, ngakhale khoswe amangochinunkhiza n'kubwerera. N'chifukwa chake a Adelina ankaphika chitseko atachiweramitsa, ndipo nthawi zina ankaponya dala chikuni chachiwisi pamoto.

Koma nawonso tisawabisire, vuto lawo linali pakamwa. Kukalipa ankatha, kufotokoza ayi. Mwana akaloza kudenga n'kufunsa kuti chimanga chakudacho n'cha chiyani, yankho linali limodzi: "Chisiye! Ukachikhudza ndikudula zala." Ana anakula akudziwa kuti mbewu ya amayi sagwira, basi. Chifukwa chimene inkakhalira pamwamba pa moto, osati m'nyumba kapena m'nkhokwe, palibe anauzidwa.

Utsiwo unkasunga mbewu uku ukudya mwini wake. Maso a a Adelina ankakhala ofiira psuu chaka chonse, ndipo chifuwa chinkalira ngati mwana wa mphaka. Polima, mzere umodzi ankaima katatu kutsokomola atatsamira khasu. Ukawafunsa ankati ndi chimfine.

Ndiye kunabwera chilala chija cha 2024, mvula itadula chimanga chili m'mawondo. M'mudzimo anthu anakolola mapesi. A Adelina anapezako pang'ono kumunsi kwa munda, kufupi ndi dambo. Anasankha zikonyo makumi anayi n'kuzikoloweka, ndipo chotsalacho sichinachedwe kutha. Anzawo anadya mbewu zawo, ndipo ndani angawadzudzule? Koma iwo anagonera madeya, adzukulu akulira n'kumayang'ana kudenga, mtima wawo uli gwa. Ankadziwa kuti akatsitsa ngakhale chikonyo chimodzi, mawa adzatsitsa chachiwiri.

Mu Juni, zikonyozo zisanade n'komwe, a Adelina anagwa pachitsime mpweya utabanika. Anawatengera ku Katete, kumene mwana wawo woyamba, Kelvin, amagwira ntchito yophika pa loji ina yogona alendo m'mbali mwa msewu waukulu. Anagona m'chipatala masabata awiri. Dokotala anauza Kelvin mosapita m'mbali kuti utsi wa nkhuni wawononga mapapo a amayi ake, ndipo akabwerera m'khitchini yomweyo asadzadabwe. Choncho atatuluka anakhala kwa Kelvin kuti apezeko mphamvu. Kumudzi kunatsala Hope, mwana wawo wamkazi, ndi ana ake awiri.

Kelvin ndi mwana wabwino, ndipo apa ndi pamene pamawawira. Akanakhala chidakwa kapena wakuba, bwenzi munthu ukutukwana mtima uli m'malo. Kuntchito kwake amaphikira pansi pa chimene iwo amati hudu, chivundikiro chachikulu chachitsulo cholendewera pamwamba pa moto, chokoka utsi ndi nthunzi ya mafuta n'kuzitayira kunja. Anachiyang'ana tsiku lina n'kuganiza za amayi ake. Anachijambula pakatoni n'kupita nacho kwa a Jairos, okhoma zidebe ndi mbaula kumsika. Poti kumudzi kulibe magetsi, a Jairos anaika paipi yaitali yoti izikoka utsi yokha. Kelvin anapempha tchuthi cha masiku awiri, anakweza chinthucho pa lole, n'kukachimanga pamwamba pa mafuwa a amayi ake. Anamata bwinobwino ndi dothi kuti pasakhale ndi kampata komwe.

Tsono taganizani. Miyezi isanu amayi ake anali m'nyumba mwake. Ankawathira madzi m'manja, ankawakumbutsa mapilitsi, Lamlungu ankakhala nawo pakhonde kumaona maminibasi akudutsa. Kafunso kamodzi kokha, koti kodi amayi, ndikachotsa utsi m'khitchini mwanu chingaonongeke n'chiyani, kanamulemera? Ayi, iye ankafuna sapulaizi, yoti amayi akangofika kumudzi adabwe. Amati safunsa anadya phula, koma uyu phulalo anadyetsa amake.

Sabata iliyonse a Adelina ankabwereka foni. "Hope, mbewu ilipo?"

"Ilipo, amayi. Palibe wakhudza."

Ndipo Hope sankanama. Mlongo wake Kelvin anali atamuuza kuti asaulule za hudu, iyenso anali pa ufulu wophika osatuluka misozi. Akakweza maso ankaona zikonyo zili lende, zonse makumi anayi.

Kumayambiriro kwa Novembala mitambo itayamba kusonkhana, a Adelina anamanga kachikwama kawo n'kunena kuti wina afune asafune, iwo akupita kukabzala. Kelvin anawaperekeza, njira yonse akumwetulira yekha. Atafika pabwalo a Adelina anaona paipi padenga koma sanafunse. Sanakhale pansi, sanamwe madzi, analunjika kukhitchini.

Hope anali akukazinga nsawawa. Moto unkayaka, koma m'khitchinimo munali mbee, munthu n'kumaona mpaka kutsindwi. Pamwamba pa mafuwa panali chimalata chachikulu, ndipo utsi wonse unkalowa mmenemo mwaulemu n'kumapita. A Adelina anakweza maso. Makoko aja anali oyera ngati akolola dzulo. Pansi pake, pamsana pa chimalatacho, panali fumbi loyera.

Anakokera mtondo, anaugadabuza, n'kukwerapo. Chikonyo choyamba chinali chopepuka m'manja. Atasenda makoko, ufa unayoyoka n'kuwathira pachifuwa, ndipo anankafumbwe anayamba kuyenda padzanja mpaka m'chigongono. Anatsitsa chachiwiri, chimodzimodzi. Chachitatu makoswe anali atachilowa kunsonga. Anatsitsa zonse, kenako anatembenuka.

"Kelvin! Chipewa cha malata ichi, wauveka moto wanga ndani?"

"Ni hudu, amai," anatero Kelvin ali pakhomo, kumwetulira kuja kusanatheretu. "Manje utsi wonse uyenda panja. Simuzakhosomolanso."

"Utsi wanga wautayira kumwamba kuti ukasunge mbewu ya ndani? Ya akhwangwala? Taona apa! Taona, iwe wamasukulu! Ana a mlongo wako anagona ndi njala chimanga ichi chili pamutu pawo, ine n'kumaoneka mfiti. Ndimasungira anankafumbwe?"

Kelvin anayang'ana ufa uli pansi, anayang'ana kudenga, ndipo apa m'pamene anamvetsa. Nkhope inagwa. Koma nayenso magazi ndi omwewo, sanachedwe kuwira. "Dokotala anakamba kuti mukapitiliza muzafa! Nenze kufunika kusankha chimanga?"

"Ndinakutuma kusankha? Pakamwa ulibe? Ukanandifunsa, ndikanati tsitsa ukakoloweke m'khitchini mwa anansi athu. Ndikanati tonola usakanize ndi phulusa. Ntchito ya ola limodzi! Chipewa chakocho ukanaveka ngakhale zinayi, ine ndilibe nazo kanthu!"

Apa Hope anaphula nsawawa zake n'kuimirira. Ndi munthu wofatsa, koma tsiku limenelo anayankha. "Munatiuza liti, amayi? Ine ndimayesa mumazitalikitsa ndi mbuzi. Chibadwire changa mumangoti chisiye, chisiye. Tachisiyatu."

Mawu amenewo analowa, chifukwa anali oona. A Adelina anatola mthiko n'kuyamba kumenya chimalata chija. Anachimenya mpaka mthiko unathyoka, mudzi wonse ukumva. A Jairos ntchito amaitha, chimalatacho chinangobonyoka pang'ono basi.

M'mawa mwake analawirira kwa mlamu wawo, a Chrispin, amene a Adelina anawagawirako mbewuyo mbale yathunthu zaka zinayi zapitazo. A Chrispin anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. "Mlamu, tinadya. Mu Julayi. Ana amalira." Anapita kwa mayi wina wa kutchalitchi, koma iye anati anaisiya kalekale, chifukwa ya m'sitolo imacha msanga. Tsiku lachitatu anawoloka malire wapansi mpaka kumudzi kumene anabadwira. Kumeneko anapeza anthu osawadziwa, amene anawaonetsa chimanga china chachikasu n'kumati mwina n'chimenechi. Sichinali chimenecho. Anabwerera mapazi atatupa.

Chinatsala n'chimodzi. Anatonola zikonyo zonse palichero, anakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kuyamba kusankha diso limodzilimodzi. Lobooka uko, looneka lamoyo kuno. Anatha tsiku lonse, ndipo ooneka amoyowo anangodzaza manja awiri. Anawafunyira m'chisaka chonyowa n'kuchiika kuseri kwa mtsuko, pozizira. Akanamera ngakhale khumi okha, akanawabzala kuseri kwa nyumba n'kuwalondera ngati khanda, ndipo pakutha zaka ziwiri munda ukanadzazanso. M'mawa uliwonse ankawaza madzi pachisakacho, osalola wina kuyandikira.

Tsiku lachisanu anafunyulula. Maso aja anali atafufuma, atachita nkhungu, akununkha. Anawatembenuza limodzilimodzi ndi chala kufunafuna kamuzu koyera. Anawapatsanso masiku awiri, mwina n'kuchedwa chabe. Panalibe ngakhale kamodzi. Tizirombo tinali titadya mtima wa diso lililonse n'kusiya khungu. A Adelina anakawataya okha kudzala, ndipo pobwera anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Zinawawawa kuposa kugwa pachitsime kuja. Nkhondo inalephera, njala inalephera, ndiye mbewu ithe chifukwa cha mwana wokukonda?

Mvula yobzalira inagwa sabata yomweyo. Kelvin anabweranso kuchokera ku Katete ndi thumba la mbewu ya m'sitolo, yopakidwa mankhwala ofiira. Amayi ake anakana kuti ilowe m'nyumba. "Chimanga chanji chosasungika, choti chaka chilichonse uzikachigwadira kusitolo?" Thumbalo linagona pakhonde masiku awiri. Koma mvula sidikira munthu kuti mtima utsike, ndipo adzukulu aja amafunika kudya. Tsiku lachitatu a Adelina anamanga chitenje, anathira mbewu yofiirayo m'mbale, n'kuuza Kelvin kuti atenge khasu.

Kumunda Kelvin anali patsogolo kukumba mapando, iwo pambuyo kuponya ndi kukwirira ndi chidendene. Anayamba kumukalipira pa phando loyamba. Anamukumbutsa za agogo ake, anamukumbutsa za madeya, anamuuza kuti nzeru zake n'za m'mapoto a alendo, anamuuza kuti ngakhale mbuzi imayamba yanunkhiza isanadye. Mzere woyamba unatha, wachiwiri unatha, mawu akumveka mpaka kudambo. Kelvin poyamba ankayankha, kenako anangolimbikira khasu.

Pakati pa mzere wachisanu a Adelina anaona kuti mwana wawo waima, khasu lili m'manja, mutu ataupendeketsa. Sankamvetsera mawuwo ayi. Ankamvetsera chifuwa chawo. Apa m'pamene iwonso anazindikira kuti chichokereni kunyumba sanatsokomole ngakhale kamodzi, sanaime, sanatsamire kanthu. Mpweya unali wodzaza m'chifuwa, wokwanira kukalipa mpaka madzulo, ndipo m'mbale munali mbewu ya eni ake. Izi zinawapsetsa mtima kuposa zonse, moti misozi inangotuluka yokha. Anaipukuta ndi dzanja, mankhwala ofiira aja n'kuwapaka kumaso konse.

"Ukundimvetsera chiyani ngati wailesi?" anatero. "Kumba!"

Kelvin anawerama n'kukumba.