Tsache la Amayi ndi Duwa la Masamba Anayi

Chaka chimene masitolo a mu Dar es Salaam anadzaza ndi katundu wakunja, ine ndinabwerera kwathu ku Mbagala, m'mphepete mwa mzindawo, ndi sutikesi komanso theka la maphunziro a zaulimi. Theka linalo ndinawasiyira a ku koleji, azisunga.

Masiku omwewo amalume, dalaivala wa malole opita ku Malawi, anawabweretsera amayi kamuzu m'chitini. Anakakumba kumudzi kwawo, pansi pa mitengo ya mombo, pafupi ndi chulu. Ndi duwa lija lotuluka ndi mvula yoyamba: masamba anayi ogona pansi ngati mbale, lokha lachikasu pakati. Amayi anali asanalione chichokereni kumudzi. Anakabzala patsinde pa mtengo wa mango, n'kumapitako ngati akukazonda wodwala.

Zimene duwalo limafuna ndinkazidziwa, zinali m'theka limene ndinabwera nalo. Limakonda mthunzi ndi masamba owola osunga chinyontho. Chilimwe limabisala m'nthaka, masambawo ndiye bulangete lake. Koma amayi ankasesa pabwalo m'mawa uliwonse mpaka dothi kutsala mizere ya tsache, kuopa kuti majirani oyandikana nafe nyumba anganene kuti Amalawi ndi auve. Tsamba likagwa silinkaona masana.

Tsiku lina ndinakonza pakhosi. "Amayi, ku koleji anatiphunzitsa kuti..."

"Koleji yake iti, bambo? Ija munaimaliza ija?"

Ndinati ndimafunsa ngati tiyi watsala. Nkhani ya masamba sindinaiyambenso, chifukwa njira yake inkadutsa pa koleji.

Mvula itagwa, amayi akamaliza kusesa ankagwada n'kumayang'ana dothi losalalalo. Sipanatuluke kanthu.

"Ndi dzanja langali," anatero. "Zakwathu zandiiwala."

"Ayi, ndi dothi lakuno, lachuluka mchere," ndinayankha mwaukatswiri.

Anagwedeza mutu kuvomera. Kanali koyamba kuti akhulupirire maphunziro anga, ndipo tsiku limenelo chakudya chinandikana.

Mawa lake ndinakwera minibasi ya daladala kupita kumsika wa Kariakoo, kumene maluwa apulasitiki anali atangofika. Ndinasankha lachikasu, ndipo masamba owonjezera ndinathothola, atsale anayi.

"Pole, amayi," ndinawapepesa m'Chiswahili powapatsa duwalo.

Analitembenuza uku ndi uku, kenako n'kuliika pamwamba pa kabati. Ankalipukuta fumbi tsiku lililonse, ndipo alendo ankawauza kuti mwana wawo ndi wodziwa za maluwa. Akayamba choncho, ine ndinkatuluka panja, n'kukaima pansi pa mango paja, pamalo poyera bwino.